Lamulo la Chilengedwe M'dziko Lopeka: Za Mphamvu Yokoka M'zombo za M'masewera a Patebulo

Masewera a patebulo amene osewera ake amadziika m'malo mwa anthu a m'nthano anayamba kufala mu 1974, pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons ku America, ndipo kaseweredwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero: anthu angapo amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi munthu wake wa m'nthano woti azimulankhulira ndi kumusankhira zochita, pomwe mmodzi, yemwe ndi woyendetsa masewera, amafotokoza dziko limene nthanoyo ikuchitikira ndi kugamula zotsatira za zimene anzakewo ayesa, ndipo pakakhala chikaiko amaponya madayisi. Patangotha zaka zitatu, mu 1977, kampani ya Game Designers' Workshop inatulutsa Traveller, masewera okonzedwa ndi Marc Miller, amene anasamutsira nthanoyo m'zombo zoyenda pakati pa nyenyezi. Kusamukako kunadza ndi funso limene poyamba limaoneka ngati la amakaniko, koma munthu akalitsata bwino limakamufikitsa kwa afilosofi ndi kwa akatswiri a zaumulungu. Anthu a m'chombo chimene chili kutali ndi dziko lililonse amaponda pansi, amakhala pamipando, amathira madzi m'kapu osatayika. Nanga chikuwakokera pansi n'chiyani, ndipo yankho limene buku la masewera lapereka limakhala loona m'njira yotani, poti chombocho kulibe ndiponso mphamvuyo kulibe?

M'pofunika kuyamba ndi zimene zimachitikadi, chifukwa chopeka chilichonse chimamera pa chinthu chenicheni. Mphamvu yokoka ya dziko lapansi imachititsa kuti chinthu chimene chikugwa chiziwonjezera liwiro lake ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndipo muyezo umenewu ndi umene amautcha 1 g. Koma chimene thupi limamva ngati kulemera si kukokako ayi, koma ndi kukankha kwa nthaka imene ikuliletsa kugwa. Umboni wake uli pa International Space Station, imene imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, kumene mphamvu yokoka ikadali pafupifupi 90 peresenti ya imene ili pansi pano, komabe anthu ake amayandama, chifukwa iwo pamodzi ndi nyumba yawoyo akugwa limodzi mosalekeza ndipo palibe chowakankha kumapazi. Mu 1907 Albert Einstein anazindikira kuti mfundoyi imagwiranso ntchito ikatembenuzidwa: munthu wotsekeredwa m'chikepe chopanda zenera sangathe kusiyanitsa ngati chikepecho chaima padziko kapena chikukokedwa mumlengalenga mowonjezera liwiro pa muyezo wa 1 g. Nkhani imeneyi si yamasewera kwa madokotala, pakuti amene amakhala miyezi yambiri akuyandama amataya pafupifupi 1 peresenti ya kulimba kwa mafupa ena mwezi uliwonse.

Choncho sayansi imadziwa njira ziwiri zokha zopatsira munthu kulemera kumene kulibe dziko. Yoyamba ndi yakuti chombo chiziwonjezera liwiro nthawi zonse, ndipo pamenepo pansi pamakhala mbali imene kuli injini, moti chombo chimayenera kumangidwa ngati nyumba yosanja yoima pamchira wake. Pakati pa ulendo injini imazimitsidwa, anthu n'kuyandama kwa kanthawi, chombo n'kutembenuzidwa kuti theka lotsalalo chizichepetsa liwiro. Pa 1 g, ulendo wopita ku Mars pamene yayandikira ungathe masiku awiri kapena atatu okha, kungoti palibe injini yodziwika imene ingasenze mafuta okwanira zimenezo. Njira yachiwiri ndi kuzungulira, ndipo aliyense amene anazunguzapo ndowa ya madzi m'mwamba madziwo osatayika amaidziwa kale ndi dzanja lake. Konstantin Tsiolkovsky anaiganizira, Wernher von Braun anaifalitsa mu 1952 ndi chithunzi cha nyumba yamumlengalenga yooneka ngati gudumu, ndipo mu September 1966 Pete Conrad ndi Richard Gordon anamangirira chombo chawo cha Gemini 11 ku roketi ya Agena ndi chingwe cha mamita pafupifupi 30 n'kuzizunguza pang'onopang'ono, napeza kakulemera kochepa zedi, koma kenikeni.

Kuzungulira kuli ndi makhalidwe ake amene sapita m'mbali. Kuti gudumu lozungulira kawiri pa mphindi lipereke 1 g, mtunda wochokera pakati pake kufika m'mphepete uyenera kukhala mamita pafupifupi 224. Likakhala laling'ono, la mamita 10, liyenera kuzungulira koposa kasanu ndi kanayi pa mphindi, ndipo munthu wamtali woimirira mmenemo mutu wake umakokedwa mocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi mapazi ake. Madzi othiridwa kuchokera m'ketulo satsika molunjika koma amapindikira mbali imodzi, wothamangira kumene gudumu likulowera amalemera pomwe wothamangira kumene likuchokera amapepuka, wokwera makwerero opita pakati amanka napepuka mpaka kuyandama, ndipo wotembenuza mutu mwadzidzidzi amamva chizungulire chifukwa madzi a m'kati mwa khutu asokonezeka. Masewera ena analandira zonsezi mmene zilili. Kampani yomweyo imene inapanga Traveller inatulutsa mu 1986 masewera amene pambuyo pake anadziwika kuti 2300 AD, momwe zombo zimazunguza zipinda zokhalamo anthu, ndipo masewera a The Expanse a mu 2019 amagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Komabe wowerenga watcheru aona kuti chozizwitsa sichinachoke, changosamutsidwa: The Expanse inachichotsa pansi pa mapazi n'kukachiika mu injini ya Epstein, imene imayaka kwa milungu mafuta osatha. Dziko lililonse lopeka limapempha kuti likhululukidwe chinthu chimodzi, ndipo kusiyana kwawo n'kwakuti chinthucho achibisa pati.

Traveller inasankha njira yachitatu, imene sayansi siidziwa. M'mabuku ake muli zipangizo zotchedwa grav plate, zoyalidwa pansi pa zipinda za chombo, zimene zikalandira magetsi zimakokera anthu ndi katundu pansi. Mulinso zipangizo zina zoteteza matupi kuti asaphwanyike chombo chikamawonjezera liwiro mpaka pa 6 g, komanso galimoto yopanda mapiko yotchedwa air/raft imene imayandama pamwamba pa nthaka. Mmene zimenezi zimagwirira ntchito sizifotokozedwa kupyola maina. Ndipo chifukwa chenicheni chimene zipangizozi zilipo sichili m'dziko la nthanoyo n'komwe, chili patebulo: mapu a chombo amajambulidwa papepala lamabokosimabokosi, bokosi lililonse kuimira mita imodzi ndi theka, ndipo pepala ndi lafulati, tizidole toimira anthu timafuna poima, osewera nawo amadziwa kuganiza za khomo, ngodya ndi kobisala, osati za nkhondo ya anthu oyandama mbali zonse. Motero chinthu chimodzi chili ndi zochititsa ziwiri, china cham'kati chimene anthu a m'chombo angatchule atafunsidwa, china chakunja chimene iwo sangachidziwe mpang'ono pomwe. Zimenezi sizochititsa manyazi, koma zimasiya funso lili chiimire, lakuti kodi chochititsa cham'katicho chikufotokoza kanthu kapena chikungophimba m'maso.

Mu 1673 Molière analemba sewero la Le Malade imaginaire, mmene wophunzira udokotala, atafunsidwa chifukwa chimene mankhwala a opiyamu amagonetsera anthu, amayankha kuti ali ndi mphamvu yogonetsa, aphunzitsi ake n'kumuyamikira. Kunena kuti anthu amaponda pansi chifukwa cha chipangizo chopondetsa pansi kukuoneka kuti n'chimodzimodzi. Koma chodabwitsa n'chakuti mlandu womwewu anaimbidwa Isaac Newton. Buku lake la Principia la mu 1687 linasonyeza kuti zinthu ziwiri zimakokana molingana ndi kuchuluka kwa zimene zilimo, ndiponso kuti mtunda ukawirikiza kawiri kukokako kumachepa kanayi, koma silinanene chimene chimachititsa kukokako, ndipo m'mawu amene anawonjezera mu 1713 iye anavomera poyera kuti chifukwacho sanachipeze ndipo sangachipeke. Gottfried Leibniz, m'makalata amene analemberana ndi Samuel Clarke mu 1715 ndi 1716, anatsutsa kuti kukokana kwa zinthu zotalikirana popanda chozilumikiza kuyenera kukhala mwina chozizwitsa chosatha, mwina mphamvu yobisika ya mtundu umene anthu ophunzira anali atautaya kale.

Chimene chinapulumutsa Newton si kuti anapeza chochititsa, koma kuti mawu ake ankaletsa zinthu. Mphamvu yogonetsa ija imagwirizana ndi chilichonse chimene chingachitike, chifukwa sinena kuti wodwala agona maola angati kapena kuti ndani sagona. Lamulo la Newton linadzimanga lokha, linanena kuti nyenyezi yamchira ya Halley ibweranso, ndipo inaonekadi kumapeto kwa 1758, linaloza malo amene Neptune inapezeka mu 1846, ndiponso linali lakuthwa mokwanira kuti ligwidwe likulakwa pa kayendedwe ka Mercury, kamene Einstein anadzakalongosola mu 1915. Ngati zili choncho, muyezo woyenera kuyesera mphamvu yokoka ya m'dziko lopeka si wakuti yafanana motani ndi sayansi, kapena yakometseredwa ndi maina angati, koma wakuti ikuletsa chiyani, ndipo osewera angaidalire mpaka pati.

Pa muyezo umenewu, masewera amene amaoneka opanda sayansi kuposa onse ndi amene amakhoza bwino. Spelljammer, imene Jeff Grubb anakonzera Dungeons & Dragons mu 1989, ili ndi zombo zamatabwa zoyenda mumlengalenga ndi matsenga, ndipo siyesa n'komwe kunamizira Newton. Lamulo lake n'lakuti chombo chili ndi malo afulati osaoneka amene amachidula pakati m'litali mwake, ndipo chilichonse chimagwera pamalo amenewo kuchokera mbali zonse ziwiri, moti munthu angayende pamwamba pa chombo mnzake akuyenda kumimba kwake, mapazi awo atalozana. Mmalinyero akaterereka n'kugwera kunja, amatsika kudutsa malo aja, kukokako n'kutembenuka, iye n'kubwerera, n'kudutsanso, kumangokwera ndi kutsika kwinaku akutengeka pang'onopang'ono kupita kumalire a mpweya umene wakuta chombocho, ndipo anzake ali ndi nthawi yoti amuponyere chingwe. Zombo ziwiri zikagundana, kukoka kwa chachikulu ndiko kumalamulira, choncho amene ali m'chaching'ono angapezeke kuti khoma lasanduka pansi. Zonsezi n'zabodza, koma ndi bodza lokhala ndi mafupa: wosewera amene walimvetsa angathe kukonza chiwembu chokwera chombo cha adani kuchokera kumimba, ndipo woyendetsa masewera sangamukanize popanda kuphwanya zimene ananena yekha.

Vuto la grav plate limaonekera pamene osewera ayamba kuiganizira. Tinene kuti achifwamba aboola chitseko cha chipinda cha katundu, ndipo wosewera amene munthu wake ndi injiniya wa chombo akufunsa ngati angazimitse mphamvu yokoka m'chipinda chimenecho chokha, kapenanso kuikweza kufika pa 6 g kuti olowawo agwe chafufumimba, alephere ngakhale kudzutsa mfuti. Woyendetsa akavomera, ndiye kuti kuyambira usiku umenewo palibe chombo m'dziko lonselo chimene chingalandidwe mwa kuchikwera, ndipo nkhani zonse za achifwamba zimene zinasimbidwa kale zasanduka zosamveka. Akakana, ayenera kupeka chifukwa, monga chakuti chipangizocho chimatenga mphindi zingapo kuti chisinthe, ndipo chifukwa chimenecho chidzamutsata, pakuti tsiku limene adzafune kuti magetsi azime anthu n'kuyandama nthawi yomweyo, osewera adzamukumbutsa. Afilosofi analimbana ndi funso la chimene chili choona m'nthano pamalo amene nthanoyo yakhala chete. David Lewis, mu 1978, anapereka ganizo lakuti choona ndi chimene chikanakhalapo nthanoyo ikanakhala mbiri yeniyeni, m'dziko losiyana ndi lathu pang'ono zedi mmene nthanoyo ingalolere, ndipo Kendall Walton, mu 1990, anati zoona za m'masewera ongoyerekeza zimabadwa kuchokera ku zinthu zogwirika pamodzi ndi malamulo amene osewera agwirizana. Ganizo la Lewis limathandiza pa zinthu zing'onozing'ono, monga kuti anthu a m'chombo ali ndi chiwindi ngakhale buku silinatchule, koma pa mphamvu yokoka limafooka, chifukwa palibe amene angaloze dziko loyandikana ndi lathu limene muli grav plate. Kusintha mphamvu yokoka si kuwonjezera chinthu chimodzi m'chilengedwe, koma kusolola ulusi umene nsalu yonse yalukidwirapo.

Ulusiwo ukasololedwa, zotsatira zimabwera zosaitanidwa. Ngati chipangizo chingakoke mbali imodzi ya chipinda n'kusiya inayo, gudumu la madzi loikidwa pamalire pake lizizungulira kosatha, ndipo kuti dzikolo lisakhale ndi magetsi aulere, chipangizocho chiyenera kudya magetsi ochuluka kuposa amene gudumu lingapange. Choopsa kwambiri ndi injini yoyendetsa chombo, imene m'mabuku ena a Traveller imakankha popanda kulavula kanthu kumbuyo. Chombo chowonjezera liwiro pa 1 g kwa masiku 30 chimafika pa makilomita oposa 25,000 pa sekondi, ndipo pa liwiro limenelo kilogalamu iliyonse imasenza mphamvu yoposa kanayi ya bomba limene linaponyedwa pa Hiroshima. Motero wamalonda aliyense wokhala ndi kachombo kakale ali ndi chida chofafanizira mzinda, ndipo maufumu a m'nthanoyo, ndi asilikali awo ndi malinga awo, sakanayenera kukhalapo m'maonekedwe amene analembedwa. Traveller: The New Era ya mu 1993 inabwezeretsa injini zofuna mafuta olavula kumbuyo, ndipo mabuku ena apambuyo pake anaika malire akuti injiniyo imagwira bwino pafupi ndi nyenyezi kapena dziko basi, ngakhale kuti zigamba zoterezi sizitseka bowo lonse. Zofananazo zinamugwera Larry Niven, amene buku lake la Ringworld la mu 1970 linafotokoza mkombero waukulu wozungulira dzuwa lake: owerenga odziwa masamu anasonyeza kuti mkombero wotero sungakhazikike, ungasendere mpaka kukhudza dzuwalo, ndipo m'buku lotsatira iye anauikira injini zouwongolera. Apa pali chinthu chofunika kuchisinkhasinkha, chakuti mlengi wa dziko lopeka angathe kuuzidwa zoona za dziko lakelo zimene iye sankazidziwa, ndipo angathe kulakwa pa chinthu chimene anachipanga yekha.

Akatswiri a zaumulungu a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, kuphatikizapo John Duns Scotus ndi William wa ku Ockham, ankasiyanitsa mphamvu ziwiri za Mulungu: mphamvu yake yopanda malire, imene ingachite chilichonse chosadzitsutsa chokha, ndi mphamvu yake yokhazikitsidwa, imene imachita motsata dongosolo limene iye mwini anasankha ndi kudzimangirira. Kale iwo asanabadwe, al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, anaphunzitsa kuti moto si umene umawotcha thonje, koma Mulungu ndiye amalenga kupsako pamene moto wakhudza thonje, ndipo kusasintha kwa zimenezi ndi chizolowezi chake, osati ukapolo. Nicolas Malebranche anadzanena zofanana ku France m'zaka za m'ma 1670, akuwonjezera kuti Mulungu amachita kudzera m'malamulo ochepa ndi osavuta chifukwa kutero ndiko koyenera nzeru zake. Kaya chiphunzitsochi n'choona pa chilengedwe chenicheni kapena ayi, patebulo pokha n'choona ndendende: grav plate sikoka kanthu, ndi woyendetsa masewera amene amanena kuti kapu yagwa, nthawi iliyonse imene yagwa. Iye angathe kulamula chilichonse, ndipo mabuku ambiri a masewerawa amamupatsa ufulu wosintha lamulo, koma akangougwiritsa ntchito mwachisawawa osewera amaleka kulingalira za chombo n'kuyamba kulingalira za iyeyo, nkhope yake ndi zokonda zake, ndipo dziko limatha n'kutsala munthu. Lamulo la chilengedwe m'dziko lotere ndi lonjezo, ndipo paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane: nthawi zina kulisunga kumawonongetsa nkhani yokoma imene woyendetsa anaikonzekera sabata yonse, pamene injiniya uja wapanikizira achifwamba ake pansi nkhondo isanayambe.

Fanizoli lili ndi polekezera, ndipo polekezerapo ndi pophunzitsa kuposa fanizo lenilenilo. Mulungu wa Ockham kapena wa Malebranche amadziwa zotsatira zonse za dongosolo lake asanalikhazikitse, pomwe woyendetsa masewera amalonjeza zimene sakuzidziwa, n'kumazitulukira pamodzi ndi anzake, kawirikawiri mochedwa kuposa iwo, chifukwa iye ndi mmodzi pomwe iwo ndi anayi kapena asanu ndipo ali ndi chifukwa chofufuzira mipata. Ndiponso chilengedwe chenicheni chili ndi yankho pa funso limene palibe anafunsapo: kayendedwe ka Mercury kanali kosemphana ndi masamu a Newton anthu asanakayeze. Chombo chopeka chilibe mayankho otere paliponse. Mafunso ena ake amayankhidwa ndi masamu, monga la liwiro la masiku 30 lija, ndipo pamenepo dziko lopeka limakana zofuna za mwini wake monga mmene chinthu chenicheni chimakanira. Koma ena, monga lakuti kukoka kwa grav plate kumathera pati munthu akatulukira pachitseko cha kunja, kapena lakuti kumachepa motani iye akamakwera kudenga, alibe yankho lililonse kufikira wina atafunsa, ndipo woyendetsa, atatsegula buku n'kupeza kuti lili chete, amagamula, kapena kutola madayisi awiri.